Kuphunzitsa Alangizi Kulankhulira Anthu: Mmene Zimachitikira m'Masukulu a PhD ku America

Tiyerekeze mayi amene wafika pa chipatala cha uphungu cha yunivesite ina ku United States. Sakugona, mtima ukumangothamanga, ndipo kuntchito walandira kale chenjezo. Wophunzira wa chaka chachiwiri cha PhD, digiri yapamwamba kwambiri ya ku yunivesite, amene wapatsidwa mayiyu akudziwa zoyenera kuchita: kumvetsera, kuyeza kukula kwa nkhawayo, kumuphunzitsa kapumidwe kotsitsa mtima, kuunika naye maganizo amene amamuzunza usiku. Koma atakumana katatu zikudziwika kuti gwero la zonsezi ndi kalata yomuchotsa m'nyumba, imene mwini nyumba analemba mayiyo atadandaula za chinyezi ndi nkhungu zomwe zikudwalitsa mwana wake. Apa wophunzira uja amasowa pogwira. Anaphunzitsidwa kusamalira zimene zili m'maganizo mwa munthu, koma chimene chikudwalitsa munthuyu chili kunja kwa chipinda chimene akukhalamo awiriwo.

Maphunziro a kulankhulira ena ndi kumenyera chilungamo, amene masukulu a counseling psychology, nthambi ya maphunziro a za maganizo yophunzitsa alangizi, akhala akuwakulitsa kwa zaka zoposa 20, alipo chifukwa cha vuto limeneli. Ndipo mfundo yaikulu ndi yakuti kulankhulira munthu ndi luso lokhala ndi ndondomeko yake, ngati mmene ulili uphungu weniweniwo. Limafunika kuyeserera, kuyang'aniridwa ndi kuunikidwa. Mtima wabwino wopanda luso umatha kuvulaza munthu yemweyo amene ukufuna kumuthandiza.

Kumene zinachokera

Nthambi imeneyi imaloza chiyambi chake kwa Frank Parsons, amene mu 1908 anatsegula ofesi yolangiza achinyamata za ntchito mumzinda wa Boston, m'dera la anthu osauka obwera kuchokera kumayiko ena. Kwa iye kulangiza munthu za ntchito kunali njira yolimbana ndi umphawi ndi kudyeredwa masuku pamutu. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, ndalama za boma zosamalira asilikali obwerera kwawo zinakulitsa ntchitoyi, ndipo msonkhano wa ku Boulder wa 1949 unakhazikitsa chithunzi cha katswiri wa manja awiri: wofufuza komanso wothandiza odwala. Pang'onopang'ono ntchito yonse inalowa m'chipinda, munthu mmodzi pa ola limodzi. George Albee anatha moyo wake wonse akutsutsa zimenezi, akunena kuti vuto lofala pakati pa anthu ambiri silithetsedwa pochiza munthu mmodzimmodzi, koma polimbana ndi zimene zikuliyambitsa.

Mu 1982 ndi 1992, Derald Wing Sue ndi anzake analemba zimene mlangizi ayenera kudziwa pothandiza anthu a mitundu ndi zikhalidwe zosiyana ndi zake: kudzizindikira, kudziwa moyo wa munthu winayo, ndi kukhala ndi njira zoyenera. Zimenezi zinasintha maphunziro kwambiri, komabe zinathera pakhomo la chipinda cha uphungu. Msonkhano wa nthambiyi wa ku Houston mu 2001 unaika nkhani ya chilungamo patsogolo, ndipo mu 2003 Elizabeth Vera ndi Suzette Speight ananena mosabisa kuti kumvetsa chikhalidwe cha munthu woponderezedwa sikokwanira ngati katswiri sakukhudza zimene zikumupondereza. Chaka chotsatira, Lisa Goodman ndi anzake a ku Boston College anafotokoza mfundo 6 zophunzitsira: kudzifufuza nthawi zonse, kugawana mphamvu, kupatsa anthu mpata woti mawu awo amveke, kuwathandiza kuona mgwirizano wa mavuto awo ndi kayendetsedwe ka zinthu, kumanga pa mphamvu zimene ali nazo kale, ndi kuwasiyira zida zoti apitirize okha. Mu 2014 aphunzitsi a ku University of Tennessee ku Knoxville, Brent Mallinckrodt, Joseph Miles ndi Jacob Levy, anafotokoza mmene anawonjezera dzanja lachitatu pa chithunzi cha ku Boulder chija, kuti wophunzira akhale wofufuza, wothandiza komanso wolankhulira anthu. Maganizo a Paulo Freire, katswiri wa za maphunziro wa ku Brazil, ndi a Ignacio Martín-Baró, wansembe ndi katswiri wa za maganizo amene anaphedwa ndi asilikali ku El Salvador mu 1989, amamveka m'zolemba zonsezi.

Mafunso awiri amene amatsogolera ntchito

Chida chimene aphunzitsi ambiri amagwiritsa ntchito chinalembedwa ndi Judith Lewis, Mary Smith Arnold, Reese House ndi Rebecca Toporek, ndipo bungwe la American Counseling Association linachivomereza mu 2003 n'kuchikonzanso mu 2018. Chimafunsa mafunso awiri. Loyamba: kodi ntchitoyi ikuchitikira pa mlingo uti, wa munthu mmodzi, wa sukulu kapena dera, kapena wa malamulo ndi anthu onse? Lachiwiri: kodi mlangizi akugwira ntchito limodzi ndi mwini vuto, kapena akuchita m'malo mwake? Milingo itatu, uliwonse wokhala ndi njira ziwiri, imabala magawo 6.

Funso lachiwirili ndi limene limasiyanitsa wophunzitsidwa bwino ndi wongotengeka. Ophunzira atsopano amathamangira kuchita m'malo mwa munthu, kuimba foni, kulemba kalata, chifukwa zimaoneka ngati thandizo lenileni ndipo zimachepetsa nkhawa ya wophunzirayo. Koma poyambira ndi kugwira ntchito limodzi. Mlangizi amachita m'malo mwa munthu pokhapokha ngati pali khomo limene silitseguka popanda dzina la katswiri, kapena ngati mwini wakeyo akhoza kulangidwa akalankhula yekha.

Tibwerere kwa mayi uja, tione ndondomeko imene woyang'anira wabwino angatsatire ndi wophunzira wake.

Choyamba ndi kufunsa mayiyo chimene akufuna. Zimaoneka zachidziwikire koma ndi pamene ambiri amapunthwa. Wophunzira akhoza kukhala atakwiya kale ndi mwini nyumba n'kumafuna kuti nkhaniyo ipite kukhoti, pamene mayiyo akungofuna miyezi iwiri yoti apeze nyumba ina mwana asanatsegulire sukulu. Cholinga ndi cha mayiyo. Kenako awiriwo amalemba pamodzi zimene zikudziwika: tsiku limene anadandaula, kwa ndani, ngati pali uthenga wa pafoni kapena zithunzi, ndi tsiku lomaliza loyankha kalatayo. M'zigawo zina za America masiku oyankha nkhani yochotsedwa m'nyumba ndi ochepa kwambiri, choncho kudikira mpaka kukumana kwa sabata yamawa kukhoza kuluzitsa mlandu. Zigawo zambiri zimaletsa mwini nyumba kuchotsa wochita lendi pomubwezera chifukwa chodandaula, koma kunena ngati lamulolo likugwira pa nkhani ya mayiyu ndi ntchito ya loya. Wophunzira sapereka malangizo a zamalamulo. Udindo wake ndi kudziwa ofesi ya maloya othandiza anthu osauka ya m'deralo, maola amene amalandira anthu, ndi mapepala amene amafuna, kenako kuyeserera ndi mayiyo zimene akanene akafika. Zipatala zina zili ndi loya wawo wogwira ntchito limodzi ndi madokotala, njira imene inayambira ku Boston mu 1993.

Loya akapempha kalata yochokera ku chipatala, ntchito yalowa m'gawo lochita m'malo mwa munthu, ndipo malamulo a chinsinsi amayamba kulemera. Pamafunika chilolezo cholembedwa chotchula amene alandire kalatayo, zimene ziululidwe, chifukwa chake, ndi tsiku limene chilolezocho chidzathe. Mayiyo asanasaine, afotokozeredwe chinthu chimene ophunzira ambiri sachidziwa: thanzi la maganizo ake likangolowa mu mlandu, mbali inayo ikhoza kupempha kuona zolemba zina za uphungu wake. Khoti lalikulu la dzikolo linavomereza mu 1996, pa mlandu wa Jaffee ndi Redmond, kuti zokambirana za mlangizi ndi munthu wake n'zotetezedwa m'makhoti a boma lalikulu, koma chitetezocho chimatha kugwa ngati mwini wake wabweretsa yekha nkhani ya thanzi lakelo ngati umboni. Mayi amene anauza mlangizi za kumwa mowa kwake kwakale kapena za mkangano wa kulera mwana ayenera kudziwa zimenezi asanavomere.

Kalatayo ikhale yaifupi. Inene nthawi imene mayiyo wakhala akuonedwa, zizindikiro zimene zaoneka, ndi mmene zikukhudzira tulo, ntchito ndi kulera mwana. Isanene kuti mwini nyumba ndi wolakwa, chifukwa wolembayo sanaone nyumbayo ndipo sanamve mbali inayo. Malamulo a khalidwe a American Psychological Association, bungwe la akatswiri a za maganizo m'dzikolo, pa gawo 9.01, amafuna kuti katswiri anene zokhazo zimene ali ndi maziko okwanira onenera. Mayiyo aiwerenge isanatumizidwe. Ndipo popeza wophunzira alibe laisensi, woyang'anira wake amasainanso, kutanthauza kuti udindo wonse uli pa iye. Kalata yokokomeza, yolembedwa ndi mtima wachisoni, imagwa pa funso loyamba la loya wa mbali inayo, ndipo ikagwa imagwetsanso zoona zimene zinali m'katimo. Chimodzimodzi pa malipoti a anthu opempha chitetezo m'dzikolo atathawa nkhanza kwawo: katswiri amalemba kuti zizindikiro zikugwirizana ndi zimene munthuyo wafotokoza, salemba kuti nkhaniyo ndi yoona. N'chifukwa chake masukulu ambiri amasiyanitsa mlangizi wa munthu ndi katswiri womuyeza kaamba ka khoti.

Kuchoka kwa munthu mmodzi kupita ku dongosolo lonse

Wophunzira akaona kuti anthu angapo amene akubwera pa chipatalacho akuchokera ku nyumba za kampani imodzimodzi, nkhani yakwera pa mlingo wachiwiri. Apa luso lofufuza limene PhD imaphunzitsa limagwira ntchito: kuwonjezera mafunso a za nyumba pa fomu yolandirira anthu, kuwerenga zotsatira pakatha miyezi ingapo, kuzipereka kwa mkulu wa chipatala. Chenjezo lake ndi lakuti kuchotsa mayina sikokwanira. Ngati anthu ndi ochepa, kungotchula msinkhu, chiwerengero cha ana ndi msewu kumaulula munthu. Ndipo wophunzira asanaganize zoyambitsa gulu latsopano, afufuze ngati ochita lendi a m'deralo ali kale ndi bungwe lawo. Nthawi zambiri lilipo, lakhala likulimbana ndi nkhaniyo kwa zaka, ndipo chimene likusowa si mtsogoleri wochokera ku yunivesite koma munthu wodziwa kukonza kafukufuku kapena kulemba lipoti.

Mlingo wachitatu, wa malamulo, uli ndi luso lake limene limaphunzitsika mosavuta koma kawirikawiri siliphunzitsidwa. Mabungwe a akatswiri a za maganizo a m'zigawo amakonza masiku opita ku nyumba ya malamulo ya chigawo. Wophunzira amapeza kuti nthawi zambiri sakumana ndi phungu weniweniyo koma wantchito wa mu ofesi yake, kwa mphindi pafupifupi 15. Amafunika pepala limodzi lokha, nambala ya bilu, pempho limodzi lomveka, ndi chitsanzo chimodzi cha munthu chosinthidwa mokwanira kuti asadziwike. Umboni wa pakamwa pamaso pa komiti umapatsidwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Munthu wozolowera kulemba masamba 30 odzala ndi mawu osamala a ofufuza amavutika kwambiri apa, ndipo mankhwala ake ndi kuyeserera m'kalasi ndi wotchi. Ayeneranso kudziwa kuti akulankhula m'dzina la ndani. Wophunzira wa yunivesite ya boma sagwiritsa ntchito pepala la chidindo cha yunivesite kapena imelo yake pokopa aphungu popanda chilolezo, ndipo amene ali pa internship, chaka chophunzira ntchito akuigwira, m'zipatala za Veterans Affairs, nthambi ya boma yosamalira asilikali opuma, amamangidwa ndi malamulo a antchito a boma lalikulu, kuphatikizapo Hatch Act ya 1939 yoletsa ndale za zipani pa ntchito.

Mmene masukulu amazikonzera

Pali masukulu amene amaika kalasi imodzi yapadera. Pali amene amanena kuti nkhaniyi aimwaza m'makalasi onse. Pali ochepa amene ali ndi practicum yeniyeni, kutanthauza maphunziro a pa ntchito oyang'aniridwa, pamene wophunzira amagwira ntchito ndi bungwe la m'dera, monga malo osungira amayi othawa nkhanza, sukulu, kapena bungwe la othawa kwawo, osati ngati mlangizi koma ngati wothandiza kusintha kachitidwe ka zinthu. Boston College inaika zimenezi m'chaka choyamba, ndipo Tennessee ili ndi practicum yotere. Mwa njira zitatuzi, kumwaza m'makalasi onse ndi imene imamveka bwino pa pepala koma imasowa mosavuta, chifukwa chinthu cha aliyense chimatha kukhala chopanda mwini. Chimagwira ntchito pokhapokha ngati chikuoneka m'zimene wophunzira amapatsidwa kuti alembe: m'kalasi ya kuyeza anthu afunsidwe kuti mayesowo anayesedwa pa anthu ati, m'kalasi ya uphungu wa ntchito aphunzire malamulo oletsa tsankho monga Americans with Disabilities Act ya 1990, ndipo pofotokoza vuto la munthu aliyense pakhale chigawo cha zimene zikumupanikiza kuchokera kunja.

Practicum yabwino imayamba ndi mgwirizano wolembedwa pakati pa sukulu ndi bungwelo: maola a pa sabata, amene ayang'anire mbali zonse ziwiri, mwini wa zimene zidzasonkhanitsidwe, ndi zimene zidzatsale wophunzira akachoka. Masabata oyambirira ndi omvetsera basi. Wophunzira amafunsa antchito ndi anthu othandizidwa, amakhala nawo pamisonkhano, ndipo ntchito imasankhidwa ndi bungwelo. Vuto lofala kwambiri ndi la kalendala. Semesita imatenga masabata pafupifupi 15, ndipo pamene anthu ayamba kumukhulupirira wophunzira nthawi yake imakhala itatha. Bungwe limatsala ndi ntchito ya theka ndi chikumbukiro chakuti a ku yunivesite amabwera, amatenga zimene akufuna, n'kupita. Kupewa zimenezi kumafuna kuti practicum itenge chaka chathunthu, kuti mgwirizano ukhale wa sukulu osati wa wophunzira mmodzi, ndi kuti gulu lililonse lisiyire lotsatira zolemba zomveka.

Gawo la kudzifufuza nalo lili ndi misampha yake. Makalasi ambiri amagwiritsa ntchito zokambirana za magulu osakanikirana, njira imene inakhwimitsidwa ku University of Michigan, yokhala ndi otsogolera awiri ochokera m'magulu osiyana. Zikapanda kutsogoleredwa bwino, ophunzira akuda kapena a magulu ena ochepa amasanduka aphunzitsi osalipidwa, kumafotokoza zowawa zawo kuti anzawo aphunzire, pamene enawo amangokhala chete poopa kulakwitsa. Gawo 7.04 la malamulo a khalidwe limaletsa kukakamiza wophunzira kuulula zinthu zina za moyo wake, monga nkhanza zimene anakumana nazo kapena chithandizo cha maganizo chimene analandira, pokhapokha sukulu itanena zimenezo poyera m'mabuku ake olembera anthu, kapena ngati zikufunika pofuna kuunika kapena kuthandiza wophunzira amene mavuto ake akumulepheretsa kugwira bwino ntchito kapena akuika anthu pa chiopsezo. Mphunzitsi amene amapereka malikisi potengera kuya kwa zimene wophunzira waulula amaphunzitsa anthu kusewera sewero.

Chifukwa chake zimatsalira m'mbuyo

Amene amadabwa kuti bwanji nkhani yolankhulidwa kwambiri chonchi ili ndi malo ochepa m'maphunziro ayang'ane mmene maola amawerengedwera. Malamulo ovomerezera masukulu amene anayamba kugwira ntchito mu 2017 amatchula maluso 9 amene wophunzira aliyense ayenera kuonetsa, kuphatikizapo kufufuza, kuyeza, kuthandiza, kuyang'anira ena ndi kumvetsa kusiyana kwa anthu. Kulankhulira ena sikuli pa mndandandawo pakokha, ngakhale kuti Nadya Fouad ndi anzake anakuika pa maluso amene anafotokoza mu 2009. Kenako pali internship ya chaka chathunthu, imene munthu sangamalize PhD popanda kuichita, ndipo malo ake amapikisaniridwa kudzera mu dongosolo la APPIC, bungwe limene limagawira ophunzira malowo. Fomu yofunsira ili ndi mizere ya ntchito za m'dera, koma osankha ambiri amayang'ana kaye maola mazanamazana okumana ndi anthu maso ndi maso ndi chiwerengero cha malipoti a mayeso. Wophunzira amene akulandira ndalama zochepa, akuphunzitsa, akulemba dissertation, lipoti lalikulu la kafukufuku wake, amawerengera n'kuona kuti ola la pa msonkhano wa ochita lendi silimufikitsa kumene akupita. Aphunzitsi nawonso amakwezedwa chifukwa cha zolemba ndi ndalama za kafukufuku, ndipo ambiri a iwo sanaphunzitsidwepo lusoli, choncho kuliyang'anira kumawavuta.

Kuunika nako n'kofooka. Zida zambiri zoyezera zimafunsa wophunzira mmene amadzionera, ngati ali ndi chidwi, ngati akudzidalira. Kafukufuku wa Matthew Miller ndi Kerrin Sendrowitz wa 2011 anasonyeza kuti kudzidalira pa ntchitoyi ndiponso mmene wophunzira amaonera sukulu yake zimagwirizana ndi kudzipereka kwake, zimene zikuthandizira mfundo yakuti anthu amafunika kuchita, osati kungomva. Koma kudzidalira si luso. Woyang'anira aone zinthu zogwirika: kalata imene wophunzira walemba, fomu ya chilolezo, pepala lopita kwa phungu, kujambula kwa nthawi imene anafunsa munthu cholinga chake, ndi zimene bungwe la m'dera likunena za iye. Mawu a bungwelo ayenera kulowa m'malikisi.

Chikhulupiriro, ndale ndi malire

Otsutsa alipo ndipo ena ali ndi mfundo. Richard Redding analemba mu 2001 kuti akatswiri a za maganizo amapendekera mbali imodzi ya ndale ndipo zimenezi zimachepetsa mafunso amene amafunsidwa. Milandu iwiri ya ophunzira a digiri yachiwiri ya uphungu, wa Keeton ku Georgia ndi wa Ward ku Michigan, inabuka pamene ophunzirawo, pa zifukwa za chipembedzo, anasemphana ndi masukulu awo pa nkhani yothandiza anthu okondana ndi amuna kapena akazi anzawo. Khoti la apilo linaikira kumbuyo sukulu pa mlandu woyamba mu 2011, ndipo wachiwiri unatha mwa mgwirizano mu 2012. Zimene masukulu anatolapo n'zakuti akhoza kufuna kuti wophunzira athandize munthu aliyense mwaluso ndi mwaulemu, koma zimene akuyeza ndi khalidwe la pa ntchito, osati zimene munthu amakhulupirira mumtima. Malire omwewo amagwiranso mbali inayo. Wophunzira amene akukoka munthu wovutika kuti alowe m'ndale zake, kapena kumulimbikitsa kuima pamaso pa atolankhani chifukwa nkhani yake ingathandize kampeni, wagwiritsa ntchito molakwika mphamvu imene ali nayo pa munthuyo. Munthu wopanda mapepala okhalira m'dziko, kapena amene ntchito yake ili pa chingwe chopyapyala, ndiye amene adzasenze zotsatira za kulimba mtima kwa mlangizi wake.

Malamulo a zigawo asinthanso malo ogwirira ntchito. Mu 2023 Texas inakhazikitsa SB 17, yotseka maofesi oona za kusiyana ndi kufanana kwa anthu m'mayunivesite a boma, ngakhale kuti inasiya kunja zophunzitsa m'kalasi ndi kafukufuku, ndipo Florida inakhazikitsa SB 266 yoletsa kugwiritsa ntchito ndalama za boma pa ntchito zoterozo. Aphunzitsi a m'zigawozi amafunika kuwerenga lamulo lenilenilo pamodzi ndi maloya a yunivesite, chifukwa mantha amatha kuchotsa zinthu zimene lamulo silinaletse. Kuphunzitsa wophunzira kupanga apilo pamene kampani ya inshuwalansi yakana kulipira chithandizo, pogwiritsa ntchito lamulo la 2008 lofuna kuti matenda a maganizo asapatsidwe malire okhwima kuposa matenda ena, kapena kumukonzekeretsa kukhala pambali pa kholo pa msonkhano wa sukulu wokonza dongosolo la mwana wolumala, ndi mbali ya kusamalira odwala mwaluso kulikonse kumene sukulu ili.

Munthu amene akusankha sukulu asakhutire ndi mawu okongola a pa tsamba loyamba. Atsegule buku la ophunzira aone ngati pali practicum yokhala ndi makirediti ake, ngati fomu younikira ophunzira chaka ndi chaka ili ndi mzere wa lusoli, ndi dzina la mphunzitsi amene amaliyang'anira. Pa tsiku lofunsidwa mafunso afunse ophunzira a chaka chachinayi mabungwe amene anagwira nawo ntchito, ndiponso ngati mabungwewo akulandirabe ophunzira a sukuluyo chaka chino.